Pokhota Msewu kwa Nchilamwela

Lachinayi, 14 Meyi 1936. Kunja kwazizira, mtima suli m'malo.

Uno ndi mlungu wachitatu ndikuphunzira kuyendetsa lole ya tiyi yopita ku Limbe. A Makwinja, amene akundiphunzitsa, andiyamikira m'mawa: "Anzanu amathamanga ngati akuthawa msonkho, koma inu pokhota paja kwa Nchilamwela mumachepetsa liwiro n'kuliza hutala. Kuyendetsa kwake n'kumeneko."

Sindinawauze kuti kumtunda kwa msewu pomwepo ndi kwa apongozi. Kuima panjira a Makwinja saloleza. Hutala ija ndimalizira Esinati, mkazi wanga, kuti atuluke ndi mwana ndiwaoneko.

Lero sanatuluke. Chitseko chinali chotseka, pabwalo mbuzi zokha. Ndachepetsa liwiro mpaka injini kuzima, a Makwinja n'kundikalipira.

Mawa ndidzaliza kawiri. Akapanda kutulukanso, kaya lole ndidzaisiya pomwepo, kaya...