Magalasi a Bwana Mainchesi

Loweruka, 4 Meyi

Kambalame wabwera mochedwa, wapita msanga. Mwana wangawanga, amayi ake amandipatsa Loweruka lokha, koma tsiku lonse nkhani inali TV ya mwamuna watsopano wa amayi akewo. "Adadi, ndi yaikulu ngati chitseko!" Munthuyo ndamutcha Bwana Mainchesi, poti kukula kwa TV amayeza m'mainchesi. Nsanje yandigwira, sindibisa.

Ndiye pakamwa pandipalamulira. Ndati, "Yathu ino ndi ya 3D, nsomba zimatuluka kunja, umachita kuzigwira." Mwana maso tong'o. Akufuna adzaone Loweruka likubwerali, apo ayi akuti adzatsala kwawo kuonera chitseko chija. Vuto ndi lakuti magalasi a TV yangayi anasowa posamuka, zaka zisanu zapitazo.

Lolemba, 6 Meyi

Ndagula awiri kumsika kwa wogulitsa magalasi a dzuwa. Anachita kulumbira kuti amagwira pa TV iliyonse. Ndavala. Chithunzi chikadali chiwirichiwiri, changowonjezera mdima. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 8 Meyi

Kwa wokonza ma TV. Wandiseka mpaka kuika sikuludiraiva pansi. "Achimwene, awatu ndi a ku sinema, opanda batire. Yanuyo imafuna a batire, omvana ndi kadiso kali pansi pa sikirini. Akhalenso a kampani yomweyo." Akuti anasiya kalekale kuwapanga. Wafukula katoni ya mawaya, wapeza amodzi othyoka mwendo. Osayaka n'komwe.

Bwana Mainchesi sapuma fumbi la makatoni chonchi. Iye amangoloza chala m'sitolo.

Lachinayi, 9 Meyi

Mashopu asanu ndi imodzi. Palibe. Nsapato yandilumanso.

Lachisanu, 10 Meyi

Amayi ake a Kambalame aimba foni. Akuti mwana walengeza nyumba yonse za nsomba zanga. "Bambo akuno akufunsa nambala ya kumbuyo kwa TV yanuyo." Bambo akuno! Ndayankha kuti sindinapemphe munthu thandizo, foni n'kudula.

Patatha ola ndatembenuza TV, ndapukuta fumbi, nambala ndatumiza. Bola kunyozeka pamaso pa iyeyo kusiyana n'kuti mwana anditche wabodza. Komabe ndakhala ndikudzitukwana mpaka madzulo.

Loweruka, 11 Meyi

Galimoto ya Bwana Mainchesi yamutula mwana pageti, mwini wake osatsika. Kambalame walowa atakumbatira kabokosi. M'katimo magalasi awiri okulungidwa m'kansalu, mabatire atsopano ali kale m'malo.

"Akuti anali ndi TV ngati yanuyi kalekale, magalasi anangotsala m'dirowa. Akuti ndibweretse onse awiri kuti musamangondiyang'ana ine."

Ndiye kuti ngakhale TV yanga yonyadira nayoyi iye anayamba kale kukhala nayo, n'kuitaya. Mumtimamu ndimafuna magalasiwo asagwire ntchito, Mulungu andikhululukire. Ndadina kabatani. Kanyali kaphethira.

Nsomba yachikasu yatuluka, yadutsa pamwamba pa tebulo, yalunjika pamphuno pathu. Kambalame wakuwa, wandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. "Adadi, simunaname!" Sanandisiye filimu yonse, za chitseko sanatchulenso.

Magalasi a munthu uja akundikwana ndendende, ngakhale pamphuno sakufinya. Mwana akuti tibwereze, ndipo ine sindinawavule.