Gemu Yomaliza Umusiyire

LACHIWIRI

Champ, 07:42
makatoni a mchipinda mwa bambo ndatenga atatu. otsalawo ndi zovala, mudzaone nokha

Achemwali, 07:58
ok. bolodi ya chess uli nayo iwe?

Champ, 07:59
eya. ndi makope aja ankalembamo ma game athu tili ana. alipo 14 kkkk munthu uja sankataya pepala

Achemwali, 08:01
makopewo ungowotcha

Champ, 08:01
aaa bwanji? miyezi itatu yokha chimwalirireni tiyambe kale kuwotcha za bambo?

Champ, 08:20
achemwali?

Achemwali, 10:15
ndinali ndi ma driver, basi ziwiri zafera mnjira. ndinakumva pa radio dzulo

Champ, 10:16
munamva? ndinayankhula bho eti 😎

Achemwali, 10:19
🎤 mawu, 0:41
Unayankhula bwino zedi, Champ. Ofesi yonse ya pa depoti inali zii, mpaka amakaniko anasiya masipanala. Mtsikana wa pa wailesi uja akukufunsa kuti bwanji pa akatswiri makumi awiri a chess palibe mkazi ndi mmodzi yemwe, iwe n'kutsokomola kaye ngati pulofesa, n'kuti akazi mtima wa nkhondo alibe, amatopa msanga, amasiya okha. Madalaivala onse maso kwa ine. Wina akuti, "Mayi, si mlongo wanu ameneyu?" Ndinangoti zimitsani, mukutha mabatire.

Champ, 10:24
sindimanena inu. ndimanena ma number. ku club kwanga anyamata 31, atsikana 4. ndiname?

Achemwali, 10:26
nde mwana wako Kahatchi wamulembetsa section iti ku tournament ya loweruka ndi lamulungu?

Champ, 10:27
ya atsikana. alipo 6 okha, chikho ndi chake basi

Achemwali, 10:27
ku open, ya aliyense ija, alipo angati

Champ, 10:28
80 kaya. madoda a ndevu. mwana wa zaka 13 akamupondaponda, abwerako akulira

Achemwali, 10:29
mwini wake wamufunsa?

Champ, 10:30
ndine bambo ake, ndinenso coach wake. ndikudziwa chomuyenera

Achemwali, 10:31
mawu amenewo ndinawamvapo mnyumba ina yake

Champ, 10:33
musayambe pls. kusintha amatseka lachisanu 4 koloko ndipo sindisintha

LACHITATU

Champ, 16:40
anti ndi ine Kahatchi. adadi akusamba, ndangotenga foni

Achemwali, 16:41
kkkk mbava yanga. uli bwanji mwana wanga

Champ, 16:43
bho. anti muwauze adadi andiike ku open pls. atsikana 5 aja ndakhala ndikusewera nawo kuyambira std 5. timadziwana mpaka ma move. wina amangondipatsa dzanja game isanafike pakati

Champ, 16:44
ndikufuna munthu woti andiluzitse ndione pomwe ndimalakwa

Achemwali, 16:45
iweyo unawauza?

Champ, 16:46
amati ndikaluza kwambiri ndisiya ngati inu. amati inunso munkasewera koma munatopa nokha. zoona anti?

Champ, 16:52
anti madzi asiya kulira, akutuluka

Champ, 16:53
ndifufute?

Achemwali, 16:58
usafufute. uwauze atsegule makope a agogo. ayang'ane ma game a lachisanu

LACHINAYI

Champ, 06:50
mwana mukumuphunzitsa kuba foni tsopano

Champ, 12:35
ndatsegula pa break. sindikuona chachilendo. lachisanu lililonse la mawa lake tournament ndinkawina ine. form inkabwera pa nthawi yake, bambo ankatero

Champ, 12:41
koma kamzere kofiira aka pambali pa result nkachani? kali pa ma game a lachisanu okha

Champ, 12:58
📷 chithunzi
kope 12. alemba pansi kt "wamusiyira bwino, sanazindikire"

Champ, 12:58
ndani anasiyira ndani

Champ, 13:10
📞 kuimba, sanayankhe

Champ, 13:11
📞 kuimba, sanayankhe

Achemwali, 13:40
🎤 mawu, 1:52
Ndatuluka panja kuti ndiyankhule bwino, usandidule. Ukukumbuka mmene bambo ankatikonzera sabata ya tournament? Lolemba mpaka Lachinayi ine ndinkakhala adani ako. Amve kuti uje amatsegula gemu chonchi, andipatse buku, ndiloweze usana wonse, madzulo ndikhale uje pa bolodi. Mawa lake ndikhale wina. Ndinkakuwina, iwe n'kumakwiya, n'kumataya ma pawn pansi pa tebulo, ine n'kumatola. Ndiye likafika Lachisanu, ndikutsuka mbale, bambo ankabwera kukhitchini n'kuima pakhomo, manja kumbuyo. Mawu awo omwewo, chaka ndi chaka: "Gemu yomaliza umusiyire, apite ndi mtima." Ine n'kupukuta manja, n'kubwera kudzakhala pampando. Iwe n'kuwina, n'kukagona ukumwetulira. M'mawa mwake njinga ya bambo inkanyamula munthu mmodzi, ndipo sindinakhalepo ine. Kamzere kofiirako ndi kameneko.

Champ, 13:47
bodza

Champ, 13:48
sorry. koma ayi. game ya knight pa f5 ija? ndimaphunzitsa ana ku club mpaka lero. ija ndinaiona ndekha

Achemwali, 13:50
move 23. ndinaika rook pa d1. ikanapita pa e1 knight yako inalibe kolowera

Champ, 13:51
simunaone nkomwe kope

Achemwali, 13:52
zaka 26 zapita. ndimaiona ndikamapanga ma shift a ma driver

Achemwali, 13:55
kuluza osaoneka kt waluzira dala nkovuta kuposa kuwina, Champ. ukataya queen poyera mwana azindikira. umafunika kulakwitsa pang'ono, patali, iye aziona ngati nzeru zake. luso lokhalo ndi lomwe bambo anandiyamikirapo

Champ, 14:02
koma munali ndi zikho zanu

Achemwali, 14:04
kamodzi pachaka. atsikana anayi mkalasi ya kuseri, yoyandikana ndi toilet, inu muli mu hall. ungakule bwanji ukumenyana ndi anthu atatu omwewo? chikho china ndimasungiramo mabatani, ubwere udzaone

Champ, 14:06
nde bwanji simunakane? munali wamkulu inu

Achemwali, 14:09
mutu ukakula sulewa nkhonya. komanso ndinkakukonda, chitsiru iwe. ukamabwera ndi mendulo ndinkaona ngati theka ndi langa

Achemwali, 14:12
tsiku lomwe unatenga championship bambo anafika nkundigwira paphewa, akuti wachita bwino, ntchito yako yatha. ndinali ndi zaka 19. mpeni unathwa, mwala wonolera nkuukankhira pansi pa bedi. sindinatope ine. ntchito inangotha

Champ, 14:30
sindikudziwa choti ndinene

Achemwali, 14:31
usanene kanthu. zanga zinapita, madzi akatayika saoleka. pita ukasinthe dzina la mwana

Champ, 14:32
ndione kaye makopewa bwinobwino

LACHISANU

Achemwali, 08:05
lero 4 koloko. usaiwale

Achemwali, 12:30
wapita?

Achemwali, 14:10
Champ

Achemwali, 14:50
📞 kuimba, sanayankhe

Achemwali, 14:51
iwe ukufuna ndisiye depoti ndipite ndekha? sandilola, amafuna signature ya coach

Champ, 15:36
eish. nthawi

Champ, 15:37
sindinapite ku ntchito. ndayala bolodi pa tebulo kuyambira mmawa, foni inali kuchipinda. ma game a kamzere alipo 37, ndimabwereza imodzi imodzi

Achemwali, 15:37
KUTI UPEZE CHANI

Champ, 15:38
kt mwina ena ndinawina ndekha

Achemwali, 15:38
thamanga

Champ, 15:51
ndili pa njinga yamoto. pa roundabout pali lole yagwa

Champ, 16:03
ndatsika ndikuthamanga wapansi

Achemwali, 16:15
wafika?

Achemwali, 16:24
??

Champ, 16:31
🎤 mawu, 0:58
Achemwali, ndachedwa. Ndafika 4:17. Mkulu woyendetsa mpikisano uja ndamupeza akukhoma chitseko, mndandanda watumiza kale, ma pairing oti uje asewera ndi uje atuluka. Ndamuchonderera mpaka ndagwira chikwama chake. Akuti, "Coach, lamulo la 4 koloko munalimbikira ndinu mu komiti, lero ndiliswe chifukwa cha inu?" Ndakhala pa masitepe pano, malaya anyowa. Tsiku lonse ndakhala ndikufunafuna ine ndekha m'makope, mwana ndamuiwala. Ndikamuuza bwanji? M'mawa ndinamuuza kuti ndisintha. Anavina, achemwali. Anavina m'khitchini ndi yunifolomu.

Achemwali, 16:40
umuuze zoona. usamuuze za lole

LAMULUNGU

Champ, 15:20
📷 chithunzi
wawina 5 pa 5

Achemwali, 15:26
sakumwetulira

Champ, 15:29
game iliyonse amamaliza mu 20 min, nkupita ku hall kukaima kuseri kwa chingwe kuonera board 1 ya open. anamuthamangitsa kawiri. ulendo wina ananong'oneza kt abambo amene akusewerawo aluza, bishop yawo yatsekeka. ine sindinaone. patapita ma move 9 analuzadi

Achemwali, 15:31
mwana wa azakhali ake

Champ, 15:34
tafika kunyumba chikho wapatsa mayi ake, akuti muziikamo masipuni. akuti term ya mawa mwina ayamba netball

Champ, 15:35
ndikadzafunsidwanso pa radio ndidzati anasiya yekha eti

Achemwali, 15:49
loweruka 2 koloko ubwere naye kwathu. ndi bolodi ya bambo. uzimusiya pa gate, iwe uzipita

Achemwali, 15:50
ndipo umuuziretu kt sindimusiyira ngakhale imodzi. alira, ndimupatsa mpango, tiyalanso

Champ, 15:52
zikomo achemwali. tournament ya open ina ili mwezi wa 8, form ndalemba kale, ili mthumba

Achemwali, 15:53
usandiuze ine. kaisiye ku ofesi mawa mmawa

Champ, 15:58
ku radio ndaimba kt ndikufuna kukonza zomwe ndinanena. akuti program yadzaza mpaka mwezi wa mawa

Achemwali, 16:00
ma driver anga anamva kale. zisiye

Champ, 16:12
funso limodzi lokha

Champ, 16:14
pa 37 paja, 36 ndapeza pomwe munandisiyira. imodzi ndabwereza kasanu, ndaika ndi mu computer, palibe pooneka kt mwataya dala. ya mawa lake championship. imeneyo ndinawina ndekha eti?

Achemwali, 16:30
kope 12?

Champ, 16:30
eya

Achemwali, 16:33
tembenuza tsamba. chithunzi unanditumizira chija ndi cha game imeneyo. mawu a bambo oti wamusiyira bwino ali kuseri kwake

Champ, 16:47
ndaona

Champ, 17:02
🎤 mawu, 0:36
Pepani, achemwali. Sindikupepesera bambo, iwo anapita ndi zawo. Ndikupepesa zanga. Zaka zonsezi ndimadutsa pa depoti, ndimakupezani mwayala mabasi makumi anayi pa pepala limodzi, palibe ziwiri zogundana, ine n'kumati mlongo wanga ali ndi mutu wa ofesi. Sindinafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti munasiyiranji. Dzina ili la Champ munandipatsa ndinu, ndipo ndinkaliyankha ndi chifuwa chonse.

Champ, 17:10
tisewere imodzi. yeniyeni, yopanda kamzere. pa foni pompano, move imodzi pa tsiku ngati muli busy

Champ, 17:11
e4
✓✓ awerenga 17:12

LOLEMBA

Champ, 08:40
form ndasiya. adinda, receipt ndampatsa mwini wake

Achemwali, 08:52
wachita bwino. loweruka asaiwale kope latsopano ndi cholembera. chisakhale chofiira

Champ, 08:53
ok

Champ, 08:55
nanga e4 yanga ija?
✓✓ awerenga 08:55