Webusayiti Yosadziwa Sabata

Lachiwiri madzulo. Mutu wakhala wolemera tsiku lonse, dzulo sindinagone.

Webusayiti imene ndinapangira amalume, yogulitsira mbande za tiyi, ikuyenda bwino chichepetsereni zithunzi zake. Ikutseguka ngakhale kumunda kovuta netiweki. Koma Loweruka, ine ndili m'tchalitchi ku Makwasa, iyo inali kalikiliki kulandira maoda. Lamulo limati wantchito wako ndi ziweto zako zipume pa Sabata. Nanga chimene ndinapanga ndi manja angawa?

Ndikhoza kulemba mizere ingapo ya malangizo a kompyuta kuti webusayitiyo izitseka yokha Lachisanu dzuwa likalowa. Amalume, omwe si a mpingo wathu, angoseka: “Mphwanga, makina amabatizidwa? Ukatseka, makasitomala apita kwina.”

Ndivomere, nditaona maodawo ndinayamba ndasangalala, mantha anabwera pambuyo.

Ambuye, ndiyankheni lisanalowe dzuwa la Lachisanu likubwerali.