Chitsamba cha Malemu Benedicta

Loweruka, 17 Ogasiti 2024

Ndafika ku Lang'ata masana, ndapeza aReuben atagwada kuseri kwa nyumba ngati ali pa kulapa. Akuthira ayisi patsinde pa chitsamba chija. Munthu wamkulu, wamadigiri awiri, woopedwa ku ofesi, kuthirira mtengo ndi ayisi! Akuti chimafuna chisanu cha ku Scotland kuti chichite maluwa, cha Nairobi chino n'chochepa.

Flowering currant. Dzina lalitali, chinthu chake chonyozeka. Timitengo towonda, masamba okwinyika, fungo la mkodzo wa mphaka. Anabwera nacho ndi malemu akazi awo, aBenedicta, pochokera kusukulu ku Scotland komweko. Mzimu wawo uuse mumtendere, koma maso osankhira maluwa analibe.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Amayi aimba kuchokera ku Zomba. Funso lomwe lija: "Lenah, ankhoswe a mwamunayo abwera liti? Amalume ako akukalamba." Ndati posachedwa. Ndikanati chiyani? Kuti mwana wanu, imvi zitayamba kale, akudikira chitsamba?

Paja mawu a aReuben sasintha chaka ndi chaka: "Chikangochita maluwa kamodzi, ndidziwa kuti Bene wandimasula. Tipita kwanu." Poyamba ndinalira nawo, ndinkati mwamuna wokhulupirika ndi ameneyu. Lero zimandinyansa. Chichokereni mwini wake, chitsambacho sichinatulutseko duwa ngakhale limodzi.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Nkhomaliro ndi Tina, mnzanga wa ku ofesi. Pakamwa pake palibe buleki. "Iwe, mkazi mnzako ndi chitsamba? Bola akanakhala munthu, tikanamuyendera! Just pour hot water, nkhani ithe." Ndaseka mpaka kutsamwa. Koma chikafa, lonjezo lafera pomwepo. Ndiye ine amene ndimadana nacho kuposa aliyense, ndine ndemwe ndimachipempherera. Manyowa a mbuzi amene chikudya pano ndinachita kunyamula ndekha pa matatu, minibasi za kuno, anthu akutseka mphuno.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Mu sitima yobwerera kwanga ku Syokimau ndinati ndiwerengeko pa foni za mdani wangayu. Mayo ine! Maluwa ake amatuluka pa nthambi za chaka chatha. Kudulira kwake ndi maluwa akatha, osati asanatuluke.

Ndiye aReuben, mwana wa ku Thyolo, wokulira m'minda ya tiyi, amatani? Chisanu chikangotha, kumapeto kwa Ogasiti, amakoka chingwe n'kuchisadza pamwamba kuti chikhale chafulati ngati tebulo la tiyi. Amaima patali, kutsinzina diso limodzi, kudzitama kuti dzanja ili ndi la bambo awo. Kumeneko n'kudula maluwa onse asanabadwe! Ayisi yense uja, mapemphero onse aja, kenako okha n'kutenga sizasi.

Ndinaseka mokweza mpaka mayi woyandikana nane anandifunsa m'Chiswahili, "Uko sawa?" Ndili sawa, mayi, ndili bwino. Ndangozindikira kuti ndikufuna kukwatiwa ndi mbuli yovala tayi. Komabe mtima wapepuka. Umbuli umachizika.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndauza amayi kuti auze amalume akonzeke, Okutobala kubwera alendo. Analulutira pa foni.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndinalawira kuti ndiwapeze asanayambe. Chitsamba ndinachiyang'anitsitsa koyamba m'moyo wanga. Timaso tatupa m'nthambi monse, tina tayamba kufiira kunsonga. Kununkha kwake n'komwe kuja, koma ndinachisisita.

Anatulukira ndi chingwe paphewa, sizasi yaikulu m'manja.

"Mwalawiratu, madam."

"Musadule, aReuben. Taonani apa. Awa ndi maluwa. Si tiyi uyu. Mukachisiya, by September chikhala chofiira chonse."

Ndinatulutsa foni, kuwawerengera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani. Ndikuvomera, ndinkamva kukoma. Ndinkadikira kuti agwire kumutu, aseke, andikumbatire.

Sanayang'ane foniyo n'komwe. Anangoti, "Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Bene ankadulira maluwa akafota. Ndinkamugwirira makwerero."

Kandege ka ku bwalo la ndege la Wilson kanadutsa pamwamba, ndinadikira kuti phokoso lithe. Ndinawafunsa kuti nanga ayisi uja anali wa chiyani. Akuti safuna chife. Ndinawafunsa za amalume anga, za amayi amene analulutira dzulo. Anayang'ana chingwe chawo, kuchikulunga, kuchimasula.

"Ndiwe munthu wabwino, Lenah. I just need time."

Nthawi! Ine ndinkayesa ndikupikisana ndi chitsamba, ndinkayesa ndikupirira chitsiru. Chitsiru chinalipo ndithu pabwalopo, koma chinali chitanyamula foni.

Sindinalire, sindinawalande sizasi. Ndinalowa m'nyumba, kutenga nsapato zanga, chitenje ndi mswachi. Zonse zinakwana m'jumbo imodzi. Makiyi ndinasiya patebulo.

Ndinaima pageti pang'ono, mwina andiitana. Kuseri kwa nyumba sizasi inayamba kulira.