Wotchi ya Alamu Anu

Que Que
18 Febuluwale 1979

Okondedwa achimwene a Sandifolo,

Uthenga wanu wafika woti mwana wathu Yafeti analowa m'nyumba mwanu ku Ntcheu ali wamoyo. Ndinakhala pansi pakhomo n'kulira mpaka anansi anathamanga, kuyesa maliro. Zikomo achimwene, zikomo. Ndi mphwanu inde, koma si amalume onse amene amatsekula chitseko masiku ano.

Mwafunsa kuti ndalama ya ulendo wozungulira ku Botswana ndi ku Zambia tinaipeza kuti. Mwanayo tinamuuza kuti atithandiza ndi a bungwe lathu la maliro. Si zoona. Tinagulitsa wotchi.

Mukuikumbukira, yagolide ija, imene mzungu wa pamgodi anavula pamkono pake n'kupatsa alamu anu, bambo ake a Yafeti, tsiku lomwe iwo anam'fukula mzunguyo m'miyala. Chichitireni khungu nthawi saiona, komabe m'mawa uliwonse huta ya pamgodi ikalira ankaipukusa, n'kuiika kukhutu. Ine kuikhudza? Ndayamba liti! Ndinkaitcha mkazi mnzanga.

Ndiye kunabwera za kolapu zija, zoti anyamata athu opita kusukulu nawonso azitengedwa kunkhondo. Alamu anu atamva anati, "Noria, mwana wanga akaloze mfuti ana a anzanga a ku Silobela? Ndigwire dzanja, tiye kwa azungu."

Paja azungu kuno akuthawa, achimwene, ndipo boma lawo lomwe silikuwalola kutuluka ndi ndalama zambiri. Ndiye akusakasaka golide, mphete, ndolo, chilichonse choti avale pathupi podutsa malire. Tinapeza wina wa mu ofesi, katundu ali kale m'mabokosi. Anaitembenuzatembenuza, amvekere yakalamba.

"Aikona, bwana," anatero alamu anu. "Wokalamba ndine. Imeneyo ikani kukhutu."

Mzungu uja anamvetsera, ndipo sanatsutsenso. Alamu anu anamugwira chala n'kumuphunzitsa kapukusidwe kake, kuti asamakakamize ikalimba. Pobwerera ine mtima unandiwawa, koma ndinathokoza Mulungu kuti kanthu kakang'ono chotero kangaombole munthu wathunthu.

Chonde Yafeti musamuuze. Mukumudziwa kuuma mutu kwake, akhoza kubwerera. Mum'pezere sukulu, ndipo Chichewa chake chosakaniza ndi Chishonacho musamuseke kwambiri.

Moni kwa alamu a Enelesi ndi ana onse. Alamu anu akuti moni wambiri. M'mawa uno huta italira, dzanja lawo linapitanso pamkono popanda kanthu paja, zala n'kumapukusa. Ndinayang'ana kumbali. Iwo anaseka, nati, "Usandimvere chisoni iwe. Uwalembere alamu a Sandifolo kuti akamagona mwanayo, aike khutu pachifuwa pake, andiuze ngati wotchi yanga ikuyenda bwino."

Ndine mlongo wanu wothokoza,
Noria