Ndagwira Mvula Masiku Awiri

Sulastri mwana wanga,

Tukijo, mlimi mnzanga uja, wangochoka kumene pakhonde pano ndipo wandisiyira mutu ukuwawa. Wabwera ndi mbande za mpunga zouma n'kunditayira pamapazi. Akuti ndizidye, poti ndazikazinga ndine. Moni ndayamba kuiwala, undikhululukire. Uli bwanji ku Batam kumeneko? Chifuwa chija chinasiya? Ine ndilipo, koma osati kwenikweni.

Nkhani ndi iyi. Kubwalo la mpira kuli chikondwerero cha nyimbo cha masiku atatu, oimba ena achokera ku Surabaya. Eni ake anandipempha kuti ndigwire mvula isagwe. Ukudziwa kuti ntchito imeneyi ndinaisiya amayi ako atamwalira. Ndinakana kawiri. Kenako anabwera mwana wako Wening. Akuti agogo, andilemba kuimba tsiku lomaliza masana, koyamba pa siteji yaikulu, mukufuna ndikaimbire matope? Ndikanatani ine?

Ndiye ndinabaya tsabola ndi anyezi pa timitengo m'makona anayi a bwalo, n'kufukiza lubani. Chiyambire dzulo m'mawa sindinadye, sindinasambe, monga mwa lamulo lake. Madzi okha basi.

Anandipatsa mpando kuseri kwa siteji, pafupi ndi masipika aatali kuposa nyumba yathu. Ng'oma ikagunda imakulowa m'nthiti. Dzulo mayi wina wovala zonyezimira anaimba nyimbo zovina za dangdut, anthu manja m'mwamba, fumbi kobo, ozimitsa moto akuwapopera madzi kuti asakomoke. Madzi kuthira anthu ovina, minda ili gwa! Alimi anaima kumpanda akuonerera zimenezo.

Sindinama, mayiyo amaimba. Nyimbo ina ya bambo wofedwa inandigwetsa misozi. Koma atamaliza anakuwa kuti tiwaombere m'manja agogo Kasiran, atitsekera kumwamba! Bwalo lonse linaomba. Akumpanda aja sanaombe.

Lero masana ndinadzuka pampando, m'maso munada, ndinapezeka ndili pansi. Andibweretsa kuno panjinga yamoto. Wening sakudziwa.

Ndisanapume n'komwe, Tukijo uyu. Akuti iwe Kasiran, tinakulira m'munda umodzi, lero ukubweza mitambo chifukwa cha magitala? Akuti masiku awiri onsewa mvula yakhala ikusuzumira paphiri, iwe n'kumaithamangitsa ngati nkhuku. Akutinso mwina si mankhwala ayi, ikuthawa fungo langa, poti ndikununkha kuposa mbuzi yake. Ndinamuuza kuti mbuzi yakeyo ili ndi ulemu kuposa mwini wake. Koma mbandezo ndaziona, Sulastri. Pakapita masiku ena awiri, chaka chino nyumba imeneyo sikolola.

Mkazi wake Painem anabwera naye limodzi. Wangoika mbale ya mpunga wotentha ndi ndiwo ya soya ija, tempe wokazinga, apa pampando, n'kuivundukula bwinobwino kuti fungo lindipeze. Ili pomwepa pamene ndikulemba.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Ine sindidziwa ngati mvula imandimvera. Zaka zonse zija amayi ako ndiwo ankatuluka m'mawa, kuyang'ana phiri, kununkhiza mphepo, n'kundiuza kuti ukwati uwu vomerani, uwu kanani. Ine ndinkangobaya anyezi, anthu n'kumanditama. Ulendo uno ndavomera ndekha, popanda wondiyang'anira phiri. Mwina masiku awiriwa ndagwiradi mvula, mwina ndangofa ndi njala pachabe. Sindidziwa.

Pano mitambo yakuda yaunjikana kuphiri. Ndikapirira mpaka mawa, ndikuopa kuti akandinyamula pamaso pa mwana ali pakati pa nyimbo. Ndikadya, mvula n'kugwa, Painem alengeza mudzi wonse kuti mbale yake yabwerera yoyera. Wening adzati agogo anandigulitsa ndi tempe. Miyezi itatu mwana ameneyu wakhala akuimba kuseri kwa khola, mawu mpaka kusasa.

Kalatayi ikupeza zonse zitachitika kale. Pempho langa ndi limodzi. Wening akakuimbira foni akulira, usanditeteze ndi bodza. Umuwerengere kalatayi yonse, ndi za amayi ako zomwe. Ine kumuuza pamaso sindingathe. Mawa ndipita ndithu, ndikaima kutsogolo kwenikweni, igwe isagwe.

Undiperekere moni kwa amuna ako a Darmaji, uwauze kuti mankhwala a mawondo aja anandithandiza. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Kwagunda kamodzi kuphiri. Ndisiyire pomwepa, mpunga ukuzizira, ndikadye.

Ndine bambo ako,
Kasiran