Chiwindi Chimene Munandisiyira

Amayi, kumene muliko mukupeza bwanji?

Kuno ku America, ku Greenbelt, tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kulowa m'mafupa. Mdzukulu wanu Tamanda wabereka mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino, koma mbuzi zanu zija mlongo wanga Yohane wazimaliza. Ndangomuyang'ana.

Masiku ano ndikusamalira agogo ena a ku Azerbaijan, ku Bethesda. Akamwa mankhwala ankangosinza tsiku lonse, mpaka supuni kuwapulumuka m'manja. Adokotala atawayeza malovu anapeza kuti chiwindi chawo chimachedwa kugaya mankhwalawo, ndiye amangounjikana m'magazi. Akuti ndi zakumtundu, ena kwawoko amabadwa choncho, ndipo ngakhale kwathu aliko otero. Anawachepetsera mlingo. Pano akundisokosera ndi nyimbo za kwawo.

Nanenso ndinakayezetsa, Amayi. Changanso chimachedwa, ndipo akuti munthu amatengera kwa makolo.

Nditamva zimenezi ndinakhala m'galimoto osatha kuyiliza. Ndinakumbukira mmene munkanenera kuti, "Timapilisi iti tikundiledzeretsa, thupi langa ndimalidziwa ndine." Ife tinkaseka, n'kumati Amayi makani. Mabotolo a mapilisi aja ndinkatumiza ndine m'masutikesi a anthu akutchalitchi akamapita kumudzi, ndipo ndine ndinauza Yohane pafoni kuti azikubisirani mapilisiwo m'nthochi. Kenaka munagwa kubafa, osadzukanso bwino. Kaya anali mankhwalawo kaya ayi, palibe angandiuze tsopano. Koma mtima ukundiwawa, ndipo ndikuchita manyazi, ine wogwira ntchito ya odwala.

Chandilembetsa kwenikweni n'chakuti mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nasibeko, anayamba kumwa otsala anu aja chifukwa cha mawondo. Akuti kutaya mankhwala a ku America ndi tchimo. Dzulo anandiuza kuti akumva chizungulire, mutu ukulemera. Amayi, mawu akuti "pirirani, thupi lizolowera" anali atafika kale pakamwa panga. Ndinawameza. Ndamuuza Yohane awalande botololo, mawa awaperekeze kuchipatala atalinyamula, adokotala akalione okha. Amayi aang'onowo akwiya, akuti ndikuwamana, koma akwiye.

Ndikudziwa mwamusowa mng'ono wanuyo, munkagwirizana ngati mapasa. Koma mumudikire kaye. Ndikukulonjezani, sindilola kuti akupezeni msanga chifukwa cha ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnart